Zomba wa Kumwamba ndi Mlandu wa Pluto

Inu amene munadutsa ku pulayimale chisanafike chaka cha 2006, tandiuzani, mapulaneti alipo angati? Ndikudziwa mwayankha kale mumtima kuti 9. Munawaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, kuyambira Mercury mpaka kukathera kwa Pluto. Tsopano kafunseni mwana wanu wasukulu. Akuuzani kuti alipo 8, ndipo mukalimbikira kukangana naye mungomulepheretsa mayeso. Komatu palibe pulaneti imene inaphulika kapena kugwa. Pluto akadali komwe anali, akuyenda ulendo wake womwe uja. Chimene chinasintha ndi giredi yake, ndipo anamusinthira ndi anthu ngati inu ndi ine, atakhala muholo mumzinda wa Prague n'kukweza timakadi tachikasu m'mwamba.

Ife a kuno ku Thyolo nkhani ya giredi sitichita kufunsira kwa munthu. Tiyi wochokera m'munda umodzi, wothyoledwa tsiku limodzi, akalowa m'fakitale amadutsa m'masefa, ndipo potuluka wina ndi BP1, wina PF1, wina PD, wina ndi fumbi lokhalokha. Akafika ku okushoni ku Limbe aliyense ali ndi mtengo wake. Mayi wothyola tiyi amadziwa kuti chofunika ndi masamba awiri ndi kansonga, tsamba lokhwima likachuluka m'dengu kapitawo akwinya nkhope pa sikelo. Inenso pa benchi yanga matimati ndimawaunjika milu itatu, akuluakulu, apakati, ndi tating'ono tomwe nthawi zina timathera ku basela. Tomato sanabadwe ndi mulu wake. Malire ndimaika ndine, koma sindiika mwachibwana, ndimayang'ana kukula kwake ndi zomwe zabwera pamsika tsikulo. Sungani mawu amenewa, zomwe zabwera pamsika tsikulo, chifukwa mbiri yonse ya mapulaneti yagona pamenepo.

Tiyambire kutali. Mukayang'ana kumwamba usiku wopanda chiperoni, nyenyezi zambiri zimayenda pamodzi ngati gulu losasiyana. Nsangwe ndi Nsangwe chaka ndi chaka, Akamwiniatsatana amatsatana momwemo osasinthana malo. Koma pali zowala zisanu zimene sizikhazikika. Mwezi uno zili pafupi ndi gulu ili, miyezi ingapo zasunthira kwina. Agiriki anazitcha ndi liwu lotanthauza oyendayenda, ndipo liwu lakuti pulaneti linachokera pamenepo. Tikanati timasulire ifeyo tikanangoti zoyendayenda, basi.

Makolo athu nawonso ankaziona. Alice Werner, mayi amene anakhalapo ku mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1890, analemba nthano ya Anyanja yoti mwezi ndi bambo wamitala. Mkazi wina ndi Chekechani, nyenyezi ya m'bandakucha, amakhala kum'mawa ndipo amamana mwamuna wake chakudya mpaka kuonda n'kutsala kachigamba. Wina ndi Puikani, nyenyezi ya madzulo, amakhala kumadzulo, ndipo bamboyo akafika kumeneko amadyetsedwa n'kuyamba kunenepa. Musaseke, nthanoyi ili ndi maso. Mwezi ukamatha umaonekadi kum'mawa mbandakucha uli wowonda, ndipo ukakhala umaonekera kumadzulo dzuwa litangolowa, n'kumakula tsiku ndi tsiku. Chokhacho n'chakuti akazi awiriwa ndi munthu mmodzi. Nthanda ya m'mawa ija ndi nyenyezi yowala ya madzulo ndi pulaneti imodzi, Venus, imene miyezi ina imatsogola dzuwa, miyezi ina imalitsatira. Ngakhale Agiriki akale poyamba ankaipatsa mayina awiri. Ndiye onani, kungowerenga kokha kuti zoyendayendazi zilipo zingati kunali kale ndi mavuto ake.

Akale a ku Babulo ndi ku Girisi ankawerenga 7: Mercury, Venus, Mars, Jupiter, Saturn, kuphatikizapo dzuwa ndi mwezi, popeza nazonso zimasuntha pakati pa nyenyezi. Dziko lathuli silinali pa mndandanda, ankati ndiye pakati pomwe zonse zimazungulira. Masiku 7 a sabata anapatsidwa mayina a zimenezi, n'chifukwa chake m'Chingelezi Sunday ndi la dzuwa, Monday la mwezi, Saturday la Saturn. Athu aja ayi, ndi a pa tikiti ya ntchito: Lolemba polemba anthu, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Loweruka poweruka. Azungu masiku awo akuloza kumwamba, athu akuloza kwa kalaliki wa pa esiteti. Imeneyo ndi nkhani ya sabata ina.

Mu 1543 buku la Nicolaus Copernicus linatembenuza zonse. Dzuwa ndiye lili pakati, dziko ndi limodzi mwa zozungulira. Zinatenga zaka zambiri kuti anthu avomereze, koma atavomereza, dzuwa linachoka pa mndandanda, mwezi unachoka, dziko linalowa. Mapulaneti anakhala 6. Palibe amene analira kuti mwezi watsitsidwa. Mu 1781 William Herschel, woimba nyimbo wa mumzinda wa Bath ku England amene ankasula yekha matelesikopu ake, anaona kanthu komwe poyamba ankayesa nyenyezi yamchira. Anali Uranus, pulaneti yoyamba kupezeka ndi makina. Anakwana 7.

Tsopano mvetserani bwino za Ceres, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo Pluto akanakhala ndi makutu akanamvera pamenepa. Pakati pa Mars ndi Jupiter pali mpata waukulu, ndipo akatswiri a zakuthambo ankakhulupirira kuti payenera kukhala pulaneti yobisala. Mu 1800 ena ku Germany anapangana zogawana thambo kuti aisake, mpaka anatchedwa apolisi a kumwamba. Koma anawapitirira ndi wansembe wa ku Palermo ku Italy, Giuseppe Piazzi, amene anaipeza pa 1 January 1801. Anaitcha Ceres, ndipo inalandiridwa ngati pulaneti. Chaka chotsatira kunapezeka ina m'dera lomwelo, Pallas. Mu 1804 Juno, mu 1807 Vesta. Herschel anadandaula msanga kuti tinthu timeneti n'tating'ono kwambiri, mu telesikopu timangooneka ngati kadontho ka nyenyezi, ndipo anapereka dzina lakuti asteroid. Anthu ambiri sanamumvere. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku ankaphunzitsa mapulaneti 11, ndipo ana a sukulu a nthawi imeneyo ankaloweza Vesta, Juno, Ceres ndi Pallas monga mmene ife tinalowezera Pluto.

Chinasokoneza ndi kuchuluka kwa katundu. Mu 1845 Karl Hencke, munthu amene kale ankagwira ntchito ya positi ofesi, atasaka zaka 15 anapeza yachisanu, Astraea. Mu 1846 kunapezeka Neptune, chimphona chenicheni, amene malo ake anayamba kuwerengeredwa pa pepala ndi Urbain Le Verrier asanaonedwe ndi diso ku Berlin. Kenako timiyala tija tinayamba kubwera ngati mango a December. Pofika kumapeto kwa 1851 tinali 15, mu 1868 tinakwana 100, lero todziwika tapitirira 1 miliyoni. Ndani akanaloweza? Akatswiri anayamba kutipatsa manambala, Ceres 1, Pallas 2, Juno 3, Vesta 4, n'kutiika pa tsamba lakelake. Panalibe msonkhano, panalibe voti. Mabuku anangosiya pang'onopang'ono kutitchula pamodzi ndi akuluakulu aja, mapulaneti n'kubwerera pa 8.

Kaundula wa manambala ameneyu ndi amene akutikhudza ife Amalawi, ndipo ambiri sitidziwa. Ku Johannesburg kunali malo oonera zakuthambo otchedwa Union Observatory, ndipo kumeneko kunkagwira ntchito Cyril Jackson, amene anapeza ma asteroid 72. Ambiri ankawapatsa mayina a malo a kuno ku Africa. Nambala 1242 ndi Zambesia. Nambala 1326 ndi Losaka, kutanthauza Lusaka. Nambala 1474 ndi Beira, 1634 ndi Ndola. Ndipo mwala umene anaupeza pa 23 July 1938 unalembedwa kuti 1468 Zomba, potengera tauni imene nthawi imeneyo inali likulu la Nyasaland. Inde abale, kumwambaku kuli Zomba. Ndi chimwala cha makilomita pafupifupi 7 m'mimba mwake, chimazungulira dzuwa pa zaka zitatu ndi miyezi itatu, ndipo njira yake imadutsana ndi ya Mars. Ndi maso simungachione. Ine zimandisangalatsa kuti dzina limene linapita kumwamba ndi la Zomba, mzinda umene nawo unalawa kutsitsidwa pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Phiri silinafupike, Mulunguzi sanaphwe, chinasintha ndi udindo. Muzikumbukira nambala imeneyi, 1468, tiifunanso kutsogoloku.

Pluto anabwera motere. Mmerika wina wachuma, Percival Lowell, anamanga malo oonera zakuthambo ku Flagstaff, Arizona, ndipo ankakhulupirira kuti kuseri kwa Neptune kuli pulaneti yaikulu imene ikukoka Uranus n'kumusokoneza mayendedwe. Anamwalira mu 1916 asanaipeze. Mu 1929 malo aja analemba ntchito Clyde Tombaugh, mnyamata wa pa famu ku Kansas amene matalala anawononga mbewu za kwawo n'kumulepheretsa kupita ku koleji. Ankapanga yekha matelesikopu ndi zitsulo zotayidwa za pa famu. Ntchito yake inali yotopetsa kuposa kusankha nyemba. Ankajambula chigawo chimodzi cha thambo kawiri, motalikitsa masiku angapo, kenako n'kumayerekeza zithunzi ziwirizo, chilichonse chili ndi timadontho masauzande ambirimbiri, kufuna kamodzi kamene kasuntha. Pa 18 February 1930, ali ndi zaka 24, anakapeza pa zithunzi za pa 23 ndi 29 January. Dzina linaperekedwa ndi mtsikana wa zaka 11 wa ku Oxford, Venetia Burney, amene agogo ake anam'patsa mapaundi 5 ngati mphatso. Kuno kwathu nthawi imeneyo tiyi wa ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, anali akadali wamng'ono.

Dziko lonse linasangalala, koma Pluto analowa ndi mbiri yobwereka. Popeza ankasaka chimphona cha Lowell, anthu anayesa kuti chimene apezacho n'cholemera ngati dziko lathu. Chaka ndi chaka akamamuyeza bwino ankacheperachepera. Mu 1978 James Christy anapeza kuti Pluto ali ndi mwezi wake, Charon, ndipo poona mmene awiriwa amazungulirirana anatha kumuika pa sikelo yeniyeni. Kulemera kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 400 a dziko lathu. M'mimba mwake ndi makilomita 2,377, pomwe mwezi wathu womwewu ndi 3,474. Chombo cha Voyager 2 chitadutsa pa Neptune mu 1989 n'kumuyeza bwino, zinadziwika kuti kusokonekera kwa Uranus kuja kunali kulakwa kwa masamu. Chimphona cha Lowell kunalibe n'komwe. Tombaugh anapeza Pluto chifukwa cha khama lake, osati chifukwa ulosi unali woona.

Mayendedwe ake nawonso ndi achilendo. Mapulaneti 8 aja amazungulira dzuwa pafupifupi pa mulingo umodzi, ngati nsawawa zoyanikidwa pa lichero limodzi. Njira ya Pluto ndi yopendekeka ndi madigiri 17, ndipo ndi yowulungika motalika moti kuyambira 1979 mpaka 1999 anali pafupi ndi dzuwa kuposa Neptune. Ndiye kuti ife amene tinkaimba m'kalasi m'ma 1990 kuti Pluto ndiye wakutali kwambiri tinkaimba zimene kumwamba sikunali kuchita. Ulendo umodzi wozungulira dzuwa umam'tengera zaka 248.

Ngakhale zinali choncho, wachilendo akakhala yekha mumangomusiya pa mulu womwe ali. Vuto limabwera akafika abale ake. Mu 1992 David Jewitt ndi Jane Luu, ali pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, anapeza kanthu kena kuseri kwa Neptune. Kenako ena anapeza tina, makumi, mazana. Zinaonekeratu kuti Pluto amakhala m'mudzi waukulu wa zinthu za madzi oundana umene umatchedwa lamba wa Kuiper. Nkhani ya Ceres ija inabwerera ndendende. Mu 2000 nyumba yoonetsera zakuthambo ya Hayden Planetarium ku New York inatsegula chionetsero chatsopano momwe Pluto sanaikidwe pamodzi ndi mapulaneti, ndipo mkulu wake, Neil deGrasse Tyson, analandira makalata aukali ochokera kwa ana a sukulu. Mu 2002 kunapezeka Quaoar, mu 2003 Sedna, onse ocheperapo kwa Pluto, choncho mlandu unkangoimitsidwa. Koma mlandu suola. Mu January 2005 Mike Brown, Chad Trujillo ndi David Rabinowitz anazindikira pa zithunzi zawo chinthu chimene chinkaoneka chachikulu kuposa Pluto. Lero tikudziwa kuti m'mimba mwake n'chocheperako pang'ono, makilomita 2,326, koma pa sikelo chimaposa Pluto ndi 27 peresenti. Panalibenso pothawira. Ngati Pluto ndi pulaneti, ichinso ndi pulaneti, ndi zina zonse zimene zikubwera m'mbuyomo.

Bungwe loona za mayina a zakuthambo ndi International Astronomical Union, IAU mwachidule, limene linakhazikitsidwa mu 1919. Chodabwitsa n'chakuti kufikira nthawi imeneyo linalibe lamulo lolembedwa lonena kuti pulaneti n'chiyani. Mu August 2006 linakumana ku Prague. Komiti yotsogoleredwa ndi Owen Gingerich inabwera ndi ganizo lofatsa: chilichonse chozungulira dzuwa chimene chili chobulungira ndi mphamvu yake chikhale pulaneti. Zikanatero akanakhala 12, Pluto akanatsala, Ceres akanabwerera, Charon ndi chatsopano chija akanalowa, ndipo chitseko chikanakhala chotsegula kwa ena ambirimbiri. Holo inawira. Akatswiri awiri a ku Uruguay, Julio Fernández ndi Gonzalo Tancredi, anatsogolera gulu lokana, ponena kuti kubulungira kokha sikukwanira. Anakangana sabata yathunthu. Pa 24 August anavota, ndipo Jocelyn Bell Burnell, mayi wodziwika pa sayansi ya nyenyezi, anafotokozera anthu nkhaniyo pogwiritsa ntchito ambulera, chibaluni ndi chidole cha galu uja wa m'makatuni wotchedwa Pluto.

Chimene anagwirizana n'chakuti pulaneti iyenera kukwanitsa zinthu zitatu. Izizungulira dzuwa. Ikhale yolemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka iibulungize. Ndipo ikhale itasesa njira yake. Chokwanitsa ziwiri zoyambazo n'kulephera chachitatu, chosakhalanso mwezi wa pulaneti ina, anachitcha dwarf planet, ife tingoti kapulaneti. Zotsala zonse, ma asteroid ngati Zomba wathu uja ndi nyenyezi zamchira, zinaikidwa pa mulu wachitatu wa tinthu ting'onoting'ono.

Chachiwiricho n'chosavuta. Mukamaumba mbamu ya nsima, dzanja limakanikiza mbali zonse mpaka ibulungire. Chinthu chikakula kwambiri, mphamvu yake yokoka imachita ntchito ya dzanja lija, imakokera zonse pakati mpaka ngakhale thanthwe ligonje. Zomba wa makilomita 7 alibe mphamvu imeneyo. Vesta, wa makilomita opitirira 500, anatsala pang'ono koma sanabulungire bwino. Ceres, wa makilomita pafupifupi 940, kuposa pang'ono kutalika kwa Malawi yense kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa, ndi wobulungira. N'chifukwa chake tsiku lomwe Pluto ankatsika, Ceres anakwera, kuchoka pa asteroid wamba kufika pa kapulaneti, patapita zaka 150 ali pansi. Za iye manyuzipepala sanalembe zambiri.

Chachitatucho ndiye pagona mkangano, ndipo ndikupemphani tichedwepo. Kusesa njira sikutanthauza kuti m'njiramo mulibe kanthu. Jupiter ali ndi miyala masauzande ambiri imene imayenda m'njira yake, ina patsogolo ina pambuyo. Dziko lathu nalo limadutsidwa ndi miyala yambiri. Tanthauzo lake n'lakuti pulanetiyo ndiye mwini dera. Zimene zinali m'njira yake inazimeza, kapena inazikankhira kutali, kapena inazigwira kuti ziziyenda momvera iyo, monga mbusa ndi mbuzi zake. Akaika pa sikelo, dziko lathu limalemera kuposa zonse zotsala m'njira yake kuwirikiza 1.7 miliyoni. Pluto safika ngakhale gawo limodzi mwa 10 la zinzake zimene amayenda nazo. Komanso iye mwini amavina ng'oma ya Neptune: Neptune akazungulira katatu, Pluto amazungulira kawiri, ndipo ndi mphamvu ya Neptune imene inamumangirira pa sitepe imeneyo. Ceres nayenso, ngakhale ndi wamkulu pa ma asteroid onse, ali ndi gawo limodzi lokha mwa atatu la kulemera kwa lamba wawo. Pakati pa 8 aja ndi otsatira pali phompho lalikulu, palibe amene ali pakatikati.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopusa. Wamkulu wawo ndi Alan Stern. Iye amati chinthu chiziweruzidwa ndi mmene chilili, osati ndi kumene chikukhala. Mutatenga dziko lathu lomweli n'kukaliika kutali kwambiri kuseri kwa Pluto, komwe njira ndi yaitali ndipo ulendo ndi wochedwa, lingalephere kusesa, ndiye kuti dziko lomwelo lasanduka kapulaneti chifukwa chosamuka. Amadandaulanso za voti. Bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 9,000, ku Prague kunafika opitirira 2,000, koma voti inachitika kumapeto ambiri atanyamuka kale, ndipo ovota anali pafupifupi 424. Amene munakhalapo pa msonkhano wa komiti ya msika kapena ya banki m'khonde mukudziwa mmene zimakhalira nkhani yaikulu ikasungidwira kumapeto anthu atapita kukaphika. Ku America, kwawo kwa Tombaugh, kunali kulira kwenikweni. Aphungu a ku New Mexico mu 2007 ndi a ku Illinois mu 2009 anafika pogamula kuti kwawoko Pluto akadali pulaneti.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa andipeza m'munsimu. Pa kumuchotsa pa mulu wa akuluakulu, a ku Prague anachita bwino. Kasitomala akapeza tomato mmodzi wamng'ono pa mulu wa akuluakulu sadandaula, koma ndikabwera ndi dengu lathunthu la ang'ono otero ndiyenera kuwapangira mulu wawo. Mfundo yoti malo asawerengedwe sindiigula. Ganymede, mwezi wa Jupiter, ndi wamkulu kuposa Mercury, makilomita 5,268 pomwe Mercury ndi 4,879, koma timautcha mwezi chifukwa cha kumene uli ndi amene umazungulira, ndipo palibe amalemba makalata aukali. Kwathu kuno mfumu ndi mfumu chifukwa cha dera ndi anthu ake, osati chifukwa cha msinkhu. Pomwe analakwa ndi pa dzina. Anavota kuti dwarf planet si mtundu wa pulaneti, ndi chinthu china. Tsono m'Chichewa kambuzi ndi mbuzi, kamwana ndi mwana, kamudzi ndi mudzi. Mukandiuza kuti kapulaneti si pulaneti, lilime langa likukana. M'Chingelezi momwemonso anthu amakhumudwa nazo mpaka lero. Akanapeza liwu lina, theka la phokoso lija silikanakhalako.

Mu September 2006 chinthu chatsopano chija chinapatsidwa dzina lakuti Eris, mulungu wamkazi wa Agiriki woyambitsa mikangano. Amene anasankha dzinali ankadziwa chimene akuchita. Mwezi womwewo Pluto analowetsedwa m'kaundula wa manambala uja, womwe unayamba ndi Ceres pa nambala 1. Popeza analowa mochedwa anapatsidwa 134340. Ndiye mukatsegula kaundulayo, Zomba wathu ali pa 1468, Pluto wotchuka dziko lonse ali kumbuyo kwake ndi mayina opitirira 130,000. Mu 2008 anawonjezera Makemake ndi Haumea, timapulaneti tovomerezeka ndi IAU n'kukwana 5, ngakhale akatswiri ambiri amawerengeranso ena monga Quaoar, Sedna, Orcus ndi Gonggong.

Chombo cha New Horizons, chimene mtsogoleri wake ndi Alan Stern yemwe uja, chinanyamuka pa 19 January 2006 kupita ku pulaneti yachisanu ndi chinayi, chitanyamulako pang'ono phulusa la mtembo wa Tombaugh, amene anamwalira mu 1997. Chili m'njira miyezi 7 yokha, komwe chinkapita kunasintha dzina. Chinafika pa 14 July 2015, ndipo zithunzi zimene chinatumiza zinadabwitsa onse, ovomereza ndi otsutsa omwe. Ankayembekezera chimwala chakufa chodzaza maenje. Anapeza chigwa chachikulu chooneka ngati mtima, cha mpweya wa nayitirojeni woundana umene ukuyendabe pang'onopang'ono, ndi mapiri a madzi oundana olimba ngati thanthwe, ena aatali kuposa Sapitwa wa ku Mulanje amene ndi mamita 3,002. Pluto ali ndi miyezi 5 ndi mpweya wopyapyala womukuta. Chaka chomwecho chombo china, Dawn, chinafika pa Ceres n'kupeza madontho owala a mchere. Stern ndi anzake anatenga zithunzizi ngati umboni wawo, a mbali inayo anayankha kuti kukongola sikunali pa mndandanda wa zinthu zitatu zija.

Palinso bowo lina m'lamuloli limene likutikhudza ife olankhula chinenero chino. Lamulo la ku Prague limanena za zozungulira dzuwa lathu lokha. Koma kuyambira m'ma 1990 akatswiri apeza mapulaneti opitirira 5,000 ozungulira nyenyezi zina. Mu 2019, pokondwerera zaka 100 za IAU, mayiko anapatsidwa mwayi wotcha dzina nyenyezi imodzi ndi pulaneti yake. A ku Mozambique anasankha mayina a Chimakhuwa, chinenero chapachibale ndi Chilhomwe chathu, nyenyezi Emiw ndi pulaneti Hairu. A ku Zambia anapatsidwa nyenyezi ya nambala HD 85390, yotalikira moti kuwala kwake kumatenga zaka zopitirira 100 kuti kufike kuno. Nyenyeziyo anaitcha Natasha, ndipo pulaneti yake anaitcha Madalitso. Dzina lomweli limene mumaitanira mwana wa mlongo wanu lili m'mabuku a IAU. Madalitso sazungulira dzuwa lathu, choncho mfundo yoyamba ija samaikwanitsa, ndipo ali kutali moti palibe telesikopu imene ingaone ngati njira yake ndi yosesedwa. Mu August 2024 IAU inachita msonkhano wake waukulu ku Cape Town, koyamba pa nthaka ya Africa, ndipo chaka chomwecho Jean-Luc Margot ndi anzake anali atatulutsa ganizo loti tanthauzo lilembedwenso potengera kulemera koyezeka ndi manambala, kuti likwanirenso mapulaneti a nyenyezi zina. Lamulo la 2006 silinasinthidwe. Mwana wanu akafunsidwa pa mayeso, alembe 8.